Nkhuku zanu sizikudwala chitopa, mafupa ndi amene atha

Nyengo yotentha ino ndalowa m'makola angapo a nkhuku za mazira ndipo paliponse ndikupeza zofanana, nkhuku yakhala pansi sikudzuka koma maso ali gwa, lipombo lofiira bwinobwino, mukayiyikira chakudya pafupi ikudya, mwina dzulo lomweli inayikira. Mwini wake wathamanga kale kukagula mankhwala othira m'madzi poganiza kuti ndi chitopa. Ndikayigwira nkhukuyo ndikupapasa fupa la pachifuwa lija ndimapeza lapindika ngati njira ya njoka, pena chotupa cholimba pomwe linathyoka n'kulumikizana lokha. Ndikafunsa kuti mukudyetsa chani yankho ndi limodzi, layers mash ndithu alangizi, kungoti timasakaniza ndi madeya kapena chimanga chogaya kuti thumba likhalitse.

Vuto ndi limenelo basi, ndipo ndatopa nako kulinena.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Chigoba cha dzira limodzi chimatenga kashiyamu pafupifupi magalamu 2. Si kashiyamu yense amene nkhuku yadya amalowa m'magazi, wina amangodutsa ndi zitosi, nde kuti ipeze magalamu 2 amenewo imayenera kudya pafupifupi magalamu 4 patsiku. N'chifukwa chake chakudya cha nkhuku zoyikira, layers mash uja, amachipanga ndi kashiyamu wa 3.5 mpaka 4 peresenti kapena kuposerapo pang'ono, poti nkhuku imadya magalamu 110 kapena 120 patsiku. Chimanga ndi madeya kashiyamu wake ndi wongoti tinene kuti mulibe. Inu mukathira theka ndi theka mwadula kashiyamu pakati, nkhuku ikupeza 2 m'malo mwa 4, ndipo kukatentha chonchi imadyanso pang'ono kuposa masiku onse, ndiye mwayidula kawiri.

Chomwe anthu ambiri sachimvetsa n'choti nkhuku zamakonozi sizisiya kuyikira msanga chifukwa choti chakudya chachepa mphamvu. Zinasankhidwa kwa zaka zambiri kuti ziziyikira mazira pafupifupi 300 pachaka, ndiye thupi limapitiriza ntchito, kashiyamu wosowayo limakamutenga m'mafupa. Dzira limakhala maola pafupifupi 20 m'chiberekero momwe chigoba chimapangidwa, ndipo maola ambiri mwa amenewa ndi usiku nkhuku isakudya kanthu. Chilengedwe chinakonza kale nkhokwe yake, msoti ukatsala sabata ziwiri kuti uyambe kuyikira mkati mwa mafupa a miyendo mumamera fupa lina lofewa la timabowobowo limene limasungunuka usiku n'kubwezeretsedwa masana nkhuku ikadya. Nkhokwe imeneyi ikapanda kudzazidwa thupi limayamba kukumba khoma lenileni la fupa, lija limanyamula thupi.

Apa ndi pomwe pamandiwawa. Akatswiri a ku Roslin Institute ku Scotland anaonetsa kuti nkhuku ikangoyamba kuyikira imasiya kumanga fupa lolimba lakunjali, imangopanga la nkhokwe lija, ndipo zimakhala choncho mpaka itasiya kuyikira n'kuthothoka nthenga. Tanthauzo lake n'loti khoma limene mwalikumba mwezi uno silibwerera mwezi wamawa ngakhale mutagula chakudya chabwino chotani. Fupa la mwendo lili ngati nsungwi, mkati ndi mphako, mphamvu yake yonse ili pakhoma. Nsungwi yofumbwa mkati kunja imaoneka yabwinobwino mpaka tsiku lomwe mwaitsamira. Fupa nalonso mukalipanikiza molunjika limapirira ndithu, koma likapindidwa kapena kupotokoledwa mbali imodzi imakokeka ndipo mng'alu umayambira pomwepo, ndiye khoma likapyapyala kudumpha kuchoka pamtengo wogonapo kokha n'kokwanira kulithyola.

Musaganize kuti ndi vuto la alimi ang'onoang'ono okha. Kafukufuku wa ku University of Copenhagen wa mu 2021 anapeza kuti nkhuku zoyikira pafupifupi 85 pa 100 zilizonse za ku Denmark zinali ndi fupa la pachifuwa lothyoka pofika kumapeto kwa nthawi yoyikira, nkhuku zodya chakudya choyezedwa bwino zimenezo. Ofufuzawo analoza chala kukula kwa mazira poyerekeza ndi thupi la nkhuku, komanso kuyamba kuyikira ikadali yaing'ono. Nanga ngati zodya mokwanira zikuthyoka chonchi, zanu zodya theka zili bwanji mkatimo?

Sabata yatha ndinali kwa mayi wina amene ali ndi nkhuku 200, munthu wakhama ndithu, khola loyera, madzi osasowa. Anandilandira ndi mawu akuti alangizi andilodzera nkhuku, zisanu ndi zitatu zagwa miyendo sabata imodzi. Anandionetsa mbale ya mazira, ena chigoba chopyapyala choti ukangodina ndi chala chikulowa, awiri opanda chigoba n'komwe, kachikopa kokha kakugwedezeka ngati madzi m'pepala. Tinapha imodzi yomwe inali itafooka kwambiri kuti tione. Nthiti zake zinali zopindikira mkati ndi timfundo m'molumikizira, ndipo fupa la ntchafu ndinalithyola ndi zala ziwiri osagwiritsa mphamvu. Mayi aja anangogwira pakamwa. Kenako akuti koma alangizi amayi anga ankaweta nkhuku ndi madeya okhaokha osaona zimenezi. Ndinawauza kuti mayi, nkhuku za amayi anu zinkayikira mazira khumi ndi angapo n'kufungatira, mafupa n'kupuma, komanso zinkayenda tsiku lonse padzuwa zikutola tizilombo ndi timiyala. Zanuzi zili m'khola zikuyikira pafupifupi tsiku lililonse osapuma. Kuyendako si nkhani yaing'ono, fupa limalimba likamagwira ntchito, dokotala wa ku Germany Julius Wolff analemba zimenezi kalekale mu 1892, ndipo nkhuku yongoima malo amodzi mafupa ake amafooka msanga kuposa yoyenda ndi kukupiza mapiko.

Ndiye muone zomwe mayiwa anataya pofuna kupulumutsa thumba. Nkhuku zogwazo zina zinafa ndi ludzu poti sizimafika pamadzi ndipo zinzake zimazipondaponda, mazira osweka m'zisa anaphunzitsa nkhuku zina kudya mazira, khalidwe lovuta kulithetsa likayamba, mankhwala omwe anagula sanathandize kanthu poti panalibe kachilombo koti aphe, ndipo zotsalazo zidzayikira ndi mafupa operewera mpaka tsiku lozigulitsa. Chizolowezi china chofanana nacho ndi chosiya misoti pa growers mash, chakudya cha nkhuku zomwe zikukula, mpaka thumba lithe chonsecho mazira oyamba aoneka kale. Growers ali ndi kashiyamu pafupifupi 1 peresenti yokha, sabata ziwiri zimenezo ndi zokwanira kuwononga nkhuku isanayambe n'komwe kukubwezerani ndalama.

Zochita mukuzidziwa. Siyani kusakaniza, ngati chakudya chikukulemerani chepetsani nkhuku osati kashiyamu. Sinthani chakudya misoti ikatsala pang'ono kuyikira, dzira loyamba lisakupezeni pa growers. Ikani laimu wa ziweto wa timiyalamiyala, wa mamilimita 2 mpaka 4, m'chodyera chapadera makamaka madzulo, poti timiyalato timakhalitsa mu nthutumba n'kumasungunuka usiku chigoba chikupangidwa, wa ufa amadutsa msanga. Laimu womangira nyumba ayi, amawotcha. Anapiye musawapatse chakudya cha zoyikira, kashiyamu wambiri amawononga impso zawo. Vitamini D3 asasowe ngati nkhuku siziona dzuwa. Mitengo yogonapo itsitseni, ndipo pogwira nkhuku gwirani thupi lonse ndi manja awiri osati phiko kapena mwendo umodzi. Yomwe yagwa kale ipatuleni pamalo pofewa, madzi ndi chakudya pafupi ndi mlomo, ngati palibe chothyoka zambiri zimadzuka pakatha masiku anayi mpaka sabata.