Positala ya uthenga wa anthu: malangizo kwa okonza a kuno ku Chigwa cha Shire

Inu amene mumakonza mapositala a kolera kapena ochenjeza za madzi osefukira ku Chikwawa ndi Nsanje, chepetsani mawu. Munthu ali pa kabaza pa Nchalo kapena pa Bangula saima kuti awerenge ndime yonse. Uthenga ukhale umodzi, zilembo zikuluzikulu zakuda papepala loyera kapena lachikasu: "Thirani klorini m'madzi akumwa." Basi.

Chithunzi ndiye mwini nkhani, poti agogo ambiri sawerenga. Jambulani mayi wa chitenje ali ndi chigubu cha malita 20 pamjigo, osati mpopi wa m'bafa la m'tauni. Anthu akadziona okha amaima. Kumene amalankhula Chisena lembaninso m'Chisena, koma mufunse eni chilankhulo musanasindikize.

Dzuwa la kuno silinyengerera. Inki yofiira imafwifwa msanga, ndiye mawu ofunika musawalembe ndi mtundu umenewo. Matani pamthunzi: pakhonde la chigayo, kuchipatala, pabwalo la amfumu.

Za madzi osefukira, namondwe wa Freddy wa mu 2023 anatiphunzitsa mokwanira. Mapositala amatidwe mu Novembala mvula isanalimbe, ndipo tchulani dzina lenileni la sukulu kapena tchalitchi chothawirako. Zizindikiro za mabungwe, ngakhale mabwana adandaule, zipite mmunsi ndipo zikhale zing'onozing'ono.