Mawaya a Sipika Akatembenuzika, Besi Imathawa

Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimabwera ndi wailesi imene FM yake imathera pa 90 MHz, moti sigwira masiteshoni opitirira pamenepo, choncho eni ake amaichotsa n'kuika ina. Apa mpamene mawaya a sipika amasokonezeka, chifukwa mitundu ya mawaya a m'galimoto siifanana ndi ya wailesi yatsopanoyo.

Sipika imatulutsa mawu pokankha mpweya. Mukalumikiza bwino + ndi −, makoni onse (koni ndi mbali ya sipika imene imanjenjemera) amatulukira kunja limodzi. Mukatembenuza mawaya a sipika imodzi, koni yake imabwerera m'kati pamene inzake ikutuluka, ndipo mpweya umene ina yakankha inayo imaukoka. Imavutika kwambiri ndi besi, chifukwa funde la mawu otsika ngati a 100 Hz limatalika mamita oposa atatu, ndiye mafunde awiriwo amakumana n'kufafanizana m'galimoto monse. Sipika siipsa ayi. Nyimbo zimangomveka zopyapyala, ndipo mawu a woimba sadziwika kumene akuchokera. Ambiri amathamangira kugula ampulifaya, chonsecho vuto lili pa mawaya awiri okha.

Pa wailesi zambiri zogula padera, woyera ndi wa kutsogolo kumanzere, wotuwa kutsogolo kumanja, wobiriwira kumbuyo kumanzere, wapepo kumbuyo kumanja. Pa awiriawiri aliwonse, wokhala ndi mzere wakuda ndiye −. Pa sipika penipeni, kachitsulo kotakata nthawi zambiri ndi +.

Mawaya a m'galimotomo musawaganizire, ayeseni. Achotseni ku wailesi, mutenge batire la 1.5V la mu tochi kapena rimoti, mugunditse mawaya awiri a sipika imodzi ku mbali ziwiri za batirelo kamphindi chabe, mnzanu akuyang'ana koni. Ikatulukira kunja, waya uli ku mutu wa batire ndiye +. Umateni katepi nthawi yomweyo. Musayese ndi batire la galimoto, ndipo ma tweeter (timasipika ta mawu okwera) asiyeni, koyilo yake ndi yosalimba.

Mukamaliza, ikani nyimbo ya besi yambiri, mupititse fader (yogawa mawu kutsogolo ndi kumbuyo) kutsogolo, kenako balance (yogawa mawu kumanzere ndi kumanja) kumbali imodzi. Besi ikakula pambali n'kuchepa mukabwezera pakati, sipika imodzi yatembenuzika. Chitaninso chimodzimodzi kumbuyo.

Zimene zimawonongadi ndi izi: kumangirira waya wa − wa sipika ku bodi ya galimoto, kapena kuphatikiza ma − a masipika awiri. M'wailesi za masiku ano waya umenewu umanyamulanso mawu, si efu (waya wopita ku bodi), ndipo mukaugunditsa ku chitsulo mukhoza kuwotcha IC ya mawu, kachipangizo kokweza mawu m'kati mwa wailesi. Sipika iliyonse ikhale ndi mawaya ake awiri mpaka ku wailesi.