Polariser pa lenzi yotambalala: muigulire madzi ndi masamba, osati thambo

Ojambula ambiri akagula lenzi yotambalala kwambiri, monga Canon EF-S 10-18mm kapena Tokina 11-16mm, chinthu chotsatira chomwe amasaka ndi polariser, fyuluta ya galasi yomangira kutsogolo kwa lenzi yomwe mumaizunguliza. Anamva kuti kagalasi kameneka kamadetsa thambo, mitambo n'kuoneka mbee! Zimenezo n'zoona. Koma pa lenzi yotere, thambo ndi pomwe kagalasika kamakhumudwitsa kwambiri, ndipo ndi bwino mudziwe chifukwa chake ndalama zisanachoke m'thumba.

Polariser sigwira mofanana pathambo ponse. Imadetsa kwambiri mbali yomwe ili madigiri 90 kuchokera pamene pali dzuwa, ndipo mphamvu yake imachepa mukamayandikira dzuwalo kapena mukalifulatira. Tambasulani chala chamkombaphala ndi chala chachikulu ngati mfuti. Lozani dzuwa ndi chamkombaphala, kenaka zungulizani dzanja. Konse kumene chala chachikulu chikuloza ndi komwe thambo lidzade. Tsono lenzi ya 16mm pa kamera ya full-frame (ya sensa yaikulu) imaona pafupifupi madigiri 97 kuchokera kumanzere mpaka kumanja, ndipo 10mm pa makamera a Canon a sensa yaing'ono imaona chimodzimodzi. M'chithunzi chimodzi mumalowa mbali yomwe polariser ikugwira mwamphamvu ndi mbali yomwe sikugwira n'komwe. Chotuluka ndi chigamba chakuda pakati pa thambo, m'mbali muli mbuu, ngati munthu wathira inki pansalu. Wogulitsa asakunamizeni kuti ya mtengo wapatali ilibe vutoli. Gwero lake ndi thambolo, osati galasi, choncho ya Hoya, ya B+W ndi yotchipa ya pamsika zonse zimachita zomwezo.

Ife a kuno tili ndi mwayi wina pang'ono. Masana, makamaka m'miyezi yotentha, dzuwa limafika pafupi ndi paliwombo, choncho mbali ija ya madigiri 90 imagona mozungulira m'munsi mwa thambo, ndipo kudako kumayala mofanana kumanzere ndi kumanja. Chigamba chimavuta kwambiri m'mawa ndi madzulo dzuwa lili chammbali, nthawi yomwenso anthu amakonda kujambula. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, fumbi ndi utsi wa moto wolusa zikadzaza mlengalenga, musadabwe mukazunguliza fyuluta koma osaona kusintha kwenikweni.

Nanga muigulirenji? Madzi ndi masamba. Imani pamwala ku Cape Maclear: pamwamba pa nyanja pamanyezimira, koma mukazunguliza polariser kunyezimirako kumachoka, miyala ya pansi ndi nsomba za mbuna n'kuonekera. Pitani pa Dziwe la Nkhalamba ku Mulanje kapena pa Williams Falls ku Zomba mvula itangokata, miyala yonyowa imasiya kung'anima ndipo masamba amabiriwira ndi mtundu wake weniweni. Minda ya tiyi ya ku Thyolo chimodzimodzi. Izi kompyuta singakukonzereni mukafika kunyumba, pomwe thambo mungathe kulidetsa mosavuta pa pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom. Pamadzi polariser imachotsa bwino kunyezimira mukamayang'ana mopendeka pafupifupi madigiri 37 kuchokera pamwamba pa madziwo. Mukayang'ana chozondoka kuchokera pamwamba penipeni, palibe chomwe ichite. Pa chitsulo chosapaka penti nayonso siphula kanthu.

Pogula, yambani ndi kukula kwa mkombero. Nambala yake imalembedwa kutsogolo kwa lenzi kapena mkati mwa chivindikiro, pambali pa chizindikiro cha ø. Canon 10-18mm imafuna 67mm, Tokina 11-16mm ndi Canon EF 16-35mm f/4L zimafuna 77mm, pomwe 16-35mm f/2.8L III imafuna 82mm. Ngati muli ndi malenzi angapo, gulani imodzi ya yaikulu kwambiriyo, enawo muzilumikiza ndi step-up ring, kamkombero kolumikiza fyuluta yaikulu ku lenzi yaing'ono. Kungoti hood, chotchinga dzuwa cha kutsogolo kwa lenzi, nthawi zambiri sikwananso mukatero.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe ambiri amataya ndalama, ndi kunenepa kwa mkomberowo. Polariser imakhala ndi mikombero iwiri, wina womangira pa lenzi, wina wozunguliza, choncho imatuluka kutsogolo kuposa fyuluta wamba. Lenzi yotambalala imauona mkomberowo, makona anayi a chithunzi n'kuda. Funani yolembedwa kuti slim. Zina za slim zilibe pomangira kutsogolo, moti chivindikiro chanu cha masiku onse sichigwira, ndiye funsani musanalipire. Ndipo ngati pa lenzi pali kale fyuluta ya UV, ija ambiri amatetezera lenzi, ichotseni. Kusanjikiza ziwiri pa 10mm n'kudziitanira makona akuda. Mukaimanga, bwezani lenzi mpaka pothera kutambalala kwake, jambulani khoma loyera pa f/8 ndipo muone makonawo pa sikirini yaikulu, chifukwa makamera ena sakuonetsani m'mphepete monse mukasuzumira pa viewfinder.

Tengani yolembedwa CPL kapena circular. Ya linear imatha kusokoneza autofocus ndi muyezo wa kuwala pa makamera a DSLR. Ikhalenso ya multi-coated, popeza lenzi yotambalala imakoka dzuwa m'chithunzi kawirikawiri ndipo galasi losakutidwa bwino limadzaza timadontho ta kuwala. Mukagula yakale kwa mnzanu, tsegulani tsamba loyera pa laputopu, muyang'ane kudzera mu fyuluta monga mmene lenzi ingayang'anire, kenaka zungulizani. Pena pake sikirini iyenera kuda bii. Ikangosintha mtundu osada, mwina mwaigwira chagada, itembenuzeni. Ikakana mbali zonse ziwiri, ibwezeni.

Pali malenzi ena ngati Nikon 14-24mm f/2.8G omwe galasi lake la kutsogolo ndi lotukuka ngati diso la nkhanu, opanda pomangira fyuluta. Amenewo amafuna chogwirizira chapadera cha magalasi a 150mm, monga cha Lee kapena NiSi, ndipo mtengo wake si wamasewera. Kunena zoona, ngati simujambula mathithi kawirikawiri, ndalamazo gulirani tripod yabwino, choimikira kamera cha miyendo itatu.

Tripod imeneyo mudzaifuna ndithu, chifukwa polariser imadya kuwala kwa pakati pa sitopu 1 ndi 2, kutanthauza theka la kuwalako kapena kupitirira. M'nkhalango kapena kukachita mitambo, shutter imachedwa, chithunzi n'kugwedera m'manja. Pa mathithi kuchedwako kumathandiza, madzi amatuluka osalala.

Mukafika pamalo, musazungulize mpaka pamapeto pa mphamvu yake. Fikani pomwe kunyezimira kwachoka, kenaka bwererani pang'ono kuti madzi aziwonekabe kuti ndi madzi. Thambo lichepe m'chithunzi, kapena lowetsani mtengo, phiri ngakhale mitambo pamene chigamba chikanagwera. Kuimika kamera choimirira kumathandizanso, chifukwa thambo lolowa kumanzere ndi kumanja limachepa. Pojambula zithunzi zingapo zoti mudzazilumikize kukhala panorama, ichotseni.

Pomanga musakhwimitse. Mkombero wa slim ndi wovuta kuugwira, ndipo wa aluminiyamu umakakamira kuposa wa brass. Pozunguliza, zolowerani kupita mbali yomangira kuti isamasuke n'kugwera m'madzi. Ikakakamira, musaifinye ndi zala ziwiri chifukwa mkombero umapindika n'kugwira kwambiri. Kulungani labala pa mkombero wamkati, gwirani mofanana mbali zonse, n'kupotoza pang'onopang'ono.