Mwakansela ndege mwangozi pa app? Musathamangire refund

Ma app a ndege anaika mabatani mothinana kwambiri, pa Manage Booking mupeza Change flight, Cancel check-in ndi Cancel booking pamalo amodzi, ndiye netiweki ikamavuta foni ikamachedwa kutsegula mutha kudina cholakwika osadziwa. Ine ndimafuna kungosintha tsiku lobwerera kuchokera ku Joburg, app inaima, ndinadinanso, kenako imelo yalowa yoti ulendo wonse wakanselidwa, wopita ndi wobwera omwe.

Choyamba musadinenso chilichonse. Jambulani screenshot ya zomwe zili pa foni nthawi ikuonekera, kenako fufuzani imelo ya tikiti mutenge manambala awiri: booking reference ya zilembo 6 ija, ndi nambala ya tikiti ya manambala 13 (ya Ethiopian imayamba ndi 071, ya Kenya Airways 706). Ziwirizi nzosiyana. Booking ndi mpando wanu mu ndege, tikiti ndi ndalama zomwe munalipira. Mukakansela mpando umabwerera pamsika, koma tikiti nthawi zambiri imakhala ikadali OPEN (kutanthauza kuti sinagwiritsidwe ntchito) mu system mwawo mpaka refund itakonzedwa.

Apa ndi pomwe ine panandivuta. App ikangokansela imakubweretserani Request refund kapena Accept voucher, ndipo mtima ukugunda umaganiza kuti bola nditengeko kangachepe. Ayi ndithu. Refund ikangokonzedwa tikiti yafa, palibe amene angaidzutse, ndipo ngati inali ya mtengo wotsika ija ya promo akubwezerani misonkho yokha mwina ndi kachenji pang'ono, kenako mukagule ina pa mtengo wa lero. Ine ndinali nditadina kale Request refund, mwayi wanga unali woti pempholo linali lisanakonzedwe, koma zinatengera kuyimba, kudikira pa line airtime ikutha, kudulidwa, kuyimbanso, ndipo wothandiza woyamba anangoti palibe chomwe angachite. Wachiwiri ndi amene anayang'ana status ya tikiti nkuimitsa refund ija. Ndiye mukayimba musayambe nkhani yaitali ya momwe foni yanu imavutira, nenani kuti mwakansela mwangozi mphindi zapitazi, tikiti ikadali open, mukufuna achite reinstate, kutanthauza kukubwezeretsani pa ulendo womwewo. Mawu amenewo amawamva msanga. Ngati mpando wa class ya mtengo wanu ukadalipo amakubwezeranimo, ngati watengedwa mulipira kusiyana kwa mtengo ndipo mwina ndi change fee, zomwe zimawawa komabe sizifika pogula tikiti yatsopano. Ma app ena amakansela ndi kutumiza refund nthawi imodzi, nchifukwa chake musati ndiyimba mawa. Ngati muli mu town ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndipo kampaniyo ili ndi ofesi, kwerani kabaza mupite, pamaso mpamaso zimayenda kuposa pa foni.

Chenjezo pang'ono, nambala yoyimba itengeni pa tikiti kapena pa website yeniyeni. Mukadandaula pa Facebook kapena pa X mubwera ma page onamizira customer care, logo yake yomweyo, kukuuzani kuti tiyankhulane pa WhatsApp, kenako atumize OTP kapena mulipire "processing fee" pa mobile money. Amenewo ndi akuba basi.

Ngati munagula kudzera kwa agent, kampani ya ndege ikubwezani kwa agent yemweyo, ndipo ndalama za refund zimadutsa kwa iye. Agent weniweni akhoza kuchita void tikiti (kuifafaniza ngati sinagulidwe) tsiku lomwe yatuluka popanda chilango chachikulu, kukacha mwayi umenewo wapita. Koma aja ogulitsa matikiti otchipa mma group, okupatsani booking reference yokha opanda manambala 13, mwangogula mphepo, palibe tikiti yoti ibwezedwe.

Tsopano za malamulo, poti anthu amakonda kunena kuti pali lamulo la maola 24. Lilipo koma ndi la ku America: ulendo ukhale wopita kapena wochokera ku US, mwagula mwachindunji ku kampani ya ndege, ndipo kwatsala masiku 7 kapena kuposa kuti munyamuke. Pamenepo kampani imayenera kukulolani kukansela mkati mwa maola 24 nkubweza zonse, kapena kukusungirani mtengo maola 24 musanalipire. Ulendo wa KIA ku Lilongwe kupita OR Tambo ku Joburg lamuloli silikukhudza, mumayendera ma fare rules a tikiti yanu, aja timangodina accept osawerenga. La ku Europe la EU261, lomwe limapereka 250, 400 kapena 600 euros, limagwira ngati ndi iwo akansela kapena kuchedwetsa ndege, osati chala chanu.

Zikakanika kubwezeretsa, funsani ngati tikiti ingasiyidwe open muzaigwiritse ntchito mtsogolo, zambiri zimakhala ndi moyo chaka chimodzi kuchokera tsiku lomwe zinatuluka. Voucher ndimaiona bwino ngati ili mu dollar, mukukumbuka November 2023 kwacha itagwa ndi 44%, amene amadikira refund ya makwacha analira. Ngakhale tikiti ikhale non-refundable pemphani misonkho ya boma ndi ya airport yomwe simunagwiritse ntchito, ena amadulapo admin fee koma pemphanibe. Ndipo osangosiya osapita ku airport poganiza kuti muzakwera yobwerera yokha, no-show imafafaniza ma leg (zigawo za ulendo) onse otsala.

Refund imabwerera pa card yomwe munalipirira, imatenga masabata, sungani case number ndi maimelo onse. Akamakuzungulitsani lembani complaint, zikapitirira pali CFTC (Competition and Fair Trading Commission, bungwe loteteza ogula), ndipo ku bank kuli chargeback (kupempha bank ikubwezereni ndalama zomwe munalipira pa card) koma imeneyo ndi ya pamene iwo alonjeza ndalama osatumiza. Mukabwezeretsedwa onetsetsani kuti imelo yatsopano yabwera ndipo ma leg onse alembedwa Confirmed, mpando ndi katundu wowonjezera amene munalipira nthawi zina zimasowa ndiye funsani pomwepo musanadule foni.