Momwe wogwetsana amapezera malo ku Olympics

Mwafunsa kuti wosewera masewera ogwetsana amadutsa njira yanji kuti akafike ku Olympics. Tiyeni titsate momwe bungwe la United World Wrestling, lomwe limayang'anira masewerawa pa dziko lonse lapansi, linayendetsera za Olympics ya ku Paris mu 2024. Panali magulu 18 a kulemera kwa thupi, gulu lililonse malo 16, onse pamodzi 288.

Choyamba ndi mpikisano wa dziko lonse lapansi, womwe unachitikira ku Belgrade, Serbia, mu 2023. Kumeneko gulu lililonse linapereka malo 5.

Mukalephera apo, pitani ku mpikisano wa chigawo chanu. Africa ndi Oceania anaphatikizidwa ku Alexandria, Egypt, mu March 2024. A ku America anakumana ku Acapulco, a ku Ulaya ku Baku, ndipo a ku Asia ku Bishkek. Apa mpamene pamavuta kwambiri, chifukwa malo ndi 2 okha pa gulu. Palibe fainolo. Mukapambana semifainolo, malo mwatenga. Mukagwetsedwa pamenepo, zaka za thukuta zatsala pang'ono kupita pachabe. Dziko lomwe linapeza kale malo pa kulemera kumeneko silitumizanso munthu, ndipo ine ndimaona kuti lamuloli ndi labwino, chifukwa limapatsa mpata mayiko ang'onoang'ono.

Mwayi womaliza unali ku Istanbul, Turkey, mu May 2024, malo 3 pa gulu.

Chomwe ambiri amaiwala nchakuti malowo ndi a dziko, osati a wosewera. Dziko limatumiza munthu mmodzi pa gulu lililonse, ndipo likhoza kuchititsa mpikisano wapakhomo nkusankha wina, osati amene anawavutikira.