Momwe mungakonzekerere kuunikidwa mitsempha ya mtima ndi kusankha za stent

Dokotala akanena kuti alowetsa kachubu mumtsempha kuti aone ngati magazi akuyenda bwino kumtima, nkhani ya stent, kawaya kolukana kamene amakasiya mumtsempha kuti ukhale wotseguka, muikambirane tsikulo lisanafike. Si bwino kuyamba kuiganizira muli chigonere, mankhwala atalowa kale m'thupi, chifukwa pamenepo munthu amangoti inde.

Yambani ndi funso ili: "Adokotala, mukapeza mtsempha wotsekeka, muika stent pompo kapena tikambirana kaye?" Mtsempha ukatsekeka mwadzidzidzi, palibe zodikira, stent imapulumutsa moyo. Koma ngati pachifuwa pamangopweteka mukakwera chitunda, n'kuleka mukapuma, nthawi yoganiza ilipo. Kafukufuku wa ISCHEMIA, amene anasindikizidwa mu 2020, anapeza kuti kwa odwala otere kuthamangira kutsegula mtsempha sikunachepetse imfa poyerekeza ndi kumwa mankhwala bwinobwino, ngakhale kunachepetsa ululu wa pachifuwa. Ndiye ngati ululuwo ukukulepheretsani ntchito, stent ingakuthandizeni. Ngati mankhwala akuugonjetsa, mukhoza kupempha kudikira. Funsaninso za opaleshoni ya bypass, yolumikiza mtsempha wina kuti magazi azilambalala potsekekapo, makamaka ngati muli ndi shuga ndipo mitsempha ingapo yatsekeka.

Kenako nenani zonse za thupi lanu: vuto la impso, mimba, mankhwala monga metformin wa shuga ndi warfarin woletsa magazi kuundana, ndiponso ngati utoto umene amalowetsa m'magazi kuti mitsempha ioneke pa ekisire unakusokonezanipo. Za kudya, tsatirani zimene akuuzeni.

Tsiku lounika, ambiri sawagonetsa tulo tofa nato. Amabaya jakisoni wa dzanzi pamkono pafupi ndi chikhatho kapena m'mphechepeche mwa ntchafu, n'kupereka mankhwala okhazika mtima pansi, kawirikawiri midazolam ndi fentanyl. Mumakhala maso koma mukuwodzera, ndipo zina simudzazikumbukira. Amene amabanika kutulo anene msanga. Utoto ukamalowa mungamve kutentha m'thupi kwa kanthawi, musaope, koma pachifuwa pakapweteka lankhulani.

Madokotala amati mtsempha wafinyika kwambiri ukatsekeka ndi 70 peresenti kapena kuposa. Zikakhala zokayikitsa amayeza kayendedwe ka magazi ndi kawaya kapadera, njira yotchedwa FFR, ndipo zotsatira zikakhala 0.80 kapena kutsika, kutsekekako kukuvutitsadi mtima.

Musanasaine chikalata chovomereza kuikidwa stent, dzifunseni ngati mudzatha kupeza ndi kumwa asipulini ndi mankhwala ena oletsa magazi kuundana monga clopidogrel tsiku lililonse, kwa miyezi 6 mpaka 12 monga mwa nthawi zambiri. Apa ndi pamene ine ndimaopa kwambiri: kusiya mankhwalawa panokha kungaundanitse magazi mu stent, mtsempha n'kutsekeka mwadzidzidzi. Ngati mukuyembekezera opaleshoni ina kapena mumataya magazi msanga, nenani asanaike.

Pitani ndi wachibale woti amve nawo malangizo ndi kukuperekezani, popeza simuyenera kuyendetsa galimoto kwa maola osachepera 24. Pabala pakatupa kapena kutuluka magazi, dinikizani mwamphamvu n'kubwerera kuchipatala.