Tebulo la Pakati pa Khitchini: Yezani Njira Musanagule Makabati

Inu amene mukulingalira zoika tebulo lokhazikika pakati pa khitchini, lija lokhala ndi makabati ndi madilowa pansi pake, nkhani ya mtundu wa zitseko ndi zogwirira iyambe yadikira. Tengani kaye tepi yoyezera ndi choko. Makabati ogula m'makatoni n'kukalumikiza nokha apeputsa ntchitoyi kwambiri, moti ngakhale munthu amene sanaphunzire ukalipentala akhoza kuimika tebulo lotere. Koma kupepukako n'kumene kumapupulumitsa anthu. Amagula, amamanga, kenako tsiku loyamba kutsegula uvuni amapeza kuti chitseko chake chadya njira yonse, wophika alibe poima.

Choyamba kuyeza ndi njira zozungulira tebulolo. Pakati pa tebulo ndi makabati a kukhoma pasachepere masentimita 100. Bungwe la ku America la National Kitchen and Bath Association limalangiza mainchesi 42, omwe ndi masentimita 107, ngati wophika ali mmodzi, ndi mainchesi 48, omwe ndi masentimita 122, ngati mumaphika awiri. Mbali imene anthu amangodutsa osagwirako ntchito, masentimita 90 ndi okwanira. Miyezoyi ili ndi chifukwa chake. Dilowa ikatuluka yonse imatenga pafupifupi theka la mita, chitseko cha makina otsukira mbale chikagona chimatenga pafupifupi masentimita 60, ndiye inu muyenera kuwerama patsogolo pa zimenezi, mwinanso mutanyamula poto wotentha. Poyeza, yambirani pa chinthu chimene chatuluka kwambiri, kaya ndi chogwirira cha uvuni kapena mlomo wa thabwa lapamwamba. Mukayambira pa bokosi la kabati mudzinamiza ndi masentimita angapo mbali iliyonse.

Tiwerengetsere limodzi. Makabati a kukhoma nthawi zambiri amatenga masentimita 60. Onjezani njira ya 100, tebulo la 90, ndi njira ina ya 100 kuseri kwake. Chipinda chiyenera kukhala cha masentimita 350 m'lifupi, ndipo ngati makabati ali kumakoma onse awiri, 410. Khitchini yanu ikakhala yosafika pamenepo, musakakamire. Tebulo logunda khoma mbali imodzi limapereka malo ogwirira ntchito ofanana koma limadya njira imodzi yokha. Kulinso katebulo ka mawilo kamene mumakokera pakati pophika n'kukabweza mukamaliza. Kameneka musakapeputse, bola mawilo ake awiri akhale ndi mabuleki.

Masamu akavomera, jambulani tebulolo pansi ndi choko, muunjikepo makatoni opanda kanthu ofika m'chiuno, muphike mozungulira makatoniwo kwa masiku angapo. Mudzaona nokha pamene chiuno chikugunda. Yang'anitsitsani maulendo atatu: kuchoka pa firiji kupita pa sinki, pa sinki kupita pa sitovu, pa sitovu kubwerera ku firiji. Akatswiri a ku University of Illinois anafufuza maulendo amenewa m'zaka za m'ma 1940, ndipo okonza makhitchini amawatsatirabe. Tebulo likakhala pakati pa sinki ndi sitovu, mudzakhala mukuzungulira ngodya yake ndi madzi owira tsiku ndi tsiku. Lisuntheni kapena lifupikitseni likadali la makatoni.

Kenako gwirizanani m'nyumbamo ntchito ya tebulolo. Losavuta, lomwenso ndimalimbikitsa amene akumanga okha, ndi lokonzerapo chakudya ndi kusungiramo ziwiya basi. Mukafuna sinki pakatipo, mapaipi a madzi abwino ndi otayira madzi adzadutsa pansi, ndipo wotayirayo amafuna kutsetsereka njira yonse mpaka kunja. Pansi pa simenti ndiye kuti kugumula. Mukafuna sitovu, pamafunika waya wake kapena paipi ya gasi, komanso chokoka utsi cholendewera kudenga, chimene opanga ambiri amati chikhale masentimita 65 mpaka 75 pamwamba pa sitovu malinga ndi mtundu wake. Zimenezi n'zotheka, koma ndi ntchito ya pulambala ndi katswiri wa zamagetsi wovomerezeka, ndipo zimachitika makabati asanafike. Ngakhale soketi imodzi yokha yolumikizira ketulo, waya wake ukonzedwe pasadakhale. Chingwe chodutsa panjira kuchokera kukhoma chidzakola mwendo wa munthu tsiku lina.

Tsopano makabati enieniwo. Kagulitsidwe ka mipando m'makatoni kanatchuka ndi kampani ya IKEA ya ku Sweden, imene Ingvar Kamprad anayambitsa mu 1943. Mu 1956 wantchito wake Gillis Lundgren anachotsa miyendo ya tebulo kuti likwane m'galimoto, ndipo kampaniyo inatengera nzeru imeneyo. Lero makampani ambiri amagulitsa motere, ndipo ubwino wake kwa inu ndi wakuti miyezo ndi yodziwika kale. Mwachitsanzo, makabati apansi a IKEA a mtundu wa METOD ndi otalika masentimita 80, amaima pa miyendo ya masentimita 8, m'lifupi alipo a 20, 40, 60 ndi 80, ndipo kuya kwake ndi 60 kapena 37. Ku North America kampani yomweyo imagulitsa mtundu wina wotchedwa SEKTION, woyezedwa m'mainchesi, ndipo zipangizo za mitundu iwiriyi sizilowana. Ndi mmenenso zilili ndi makampani osiyana: mabowo a mahinji ndi a njanji za madilowa amakhala pamalo osiyana. Gulani bokosi, chitseko ndi dilowa za banja limodzi.

Ndi miyezo imeneyi mukhoza kupanga tebulo lonse papepala. Makabati awiri a 80 moyandikana akupatsani masentimita 160 m'litali. Mukaika kabati yakuya 60 mopatsana msana ndi ina yakuya 37, tebulo likhala la masentimita pafupifupi 97, lotsegulika mbali zonse ziwiri. Kuya kwa tebuloli kusapitirire kwambiri masentimita 120, chifukwa pakati pake dzanja silidzafikapo popukuta. Kutalika kwake, bokosi, miyendo ndi thabwa lapamwamba pamodzi, kumafika masentimita 91 kapena 92. Kuti mudziwe ngati kukuyenerani, imani chilili, pindani mkono, ndipo pamwamba pa tebulo pakhale masentimita 10 mpaka 15 pansi pa chigongono. Mbali yophikira ikani madilowa m'malo mwa zitseko. Amakwera mtengo, inde, koma poto wa kumbuyo amabwera yekha kwa inu osagwada.

Pali chinthu chimene timabuku ta m'makatoni sitinena mokweza, chomwe ndi mtima wa ntchito yonseyi. Makabati amenewa anapangidwa kuti azitsamira khoma. Khoma ndilo limawagwira kuti asagwe, limabisa msana wawo, ndipo limawathandiza kuti asapendekeke. Mukawaika pakati pa chipinda mwawalanda zonsezi, ndiye muyenera kuwabwezera chimodzichimodzi.

Tiyambe ndi kugwa. Timiyendo tapulasitiki tija timanyamula katundu wochokera pamwamba, koma sitiletsa kabati kupendekera kutsogolo. Tulutsani madilowa awiri odzaza mapoto, mwana n'kudzakolekerapo thupi, tebulo lonse likhoza kumutsata. Musaganize kuti n'zongoopseza: mu June 2016 IKEA inaitanitsa makabati a zovala okwana 29 miliyoni ku United States kuti abwezedwe chifukwa ena osamangiriridwa kukhoma anagwera ana mpaka kuwapha. Njira yoteteza tebulo lanu ndi kukhoma felemu ya matabwa olimba, kapena kugula yachitsulo imene opanga ena amagulitsa, kuimangirira pansi ndi mabawuti, kenako kumangirira makabatiwo pa felemuyo. Felemu ilowe mkati masentimita 5 mpaka 7 mbali imene mumaima kuti zala za kumapazi zipeze malo. Musanaboole pansi, dziwani kumene kwadutsa mapaipi ndi mawaya. Pa matailosi, boolani pang'onopang'ono ndi kachitsulo koboolera matailosi, makina oboolera asakumenya ngati hamala, apo ayi mudzaswa. Ngati nyumba ndi yalendi ndipo simungaboole, sankhani tebulo lalikulu pansi, lolemera, lopanda mbali yolendewera yokhalirako anthu.

Msana wa kabati ndi kathabwa kopyapyala, mamilimita atatu okha mwa makabati ambiri, ndipo kunja kwake sikokongola. Bondo la munthu wokhala pampando likhoza kukabowola. Gulani matabwa ophimbira kumbuyo ndi m'mbali, a mtundu wofanana ndi zitseko, muwamange ndi masikuluwu kuchokera mkati mwa kabati kuti mitu isaoneke. Yezani utali wa sikuluwu musanaikhome. Yaitali ndi mamilimita awiri okha imatulukira kunja kwa thabwa, ndipo bala limenelo silichira. Kumbukirani kuwerengera makulidwe a matabwa ophimbirawa poyeza thabwa lapamwamba.

Komabe kathabwa kopyapyala kaja musakataye poganiza kuti chophimbira chalowa m'malo mwake. Ndi kamene kamagwira bokosi kuti ngodya zake zikhale zowongoka. Musanakakhomere, goneketsani bokosi chafufumimba, yezani kuchokera ngodya ina kupita ngodya yopingasana nayo, kenako ngodya ziwiri zinazo. Miyezo iwiriyo ikafanana, khomani misomali yonse imene mwapatsidwa. Ikasiyana, kankhani bokosilo mpaka ifanane. Madilowa ambiri amene amakana kutsekeka bwino, vuto lawo linayambira pamenepa.

Polumikiza, yalani katoni pansi kuti zitseko zisakalike, ndipo werengani tizitsulo tonse musanayambe. Tizitsulo tozungulira tokoka matabwa tija mangani ndi dzanja, chifukwa makina amapyola muyezo n'kufumbula thabwa, ndipo thabwa la utuchi wopanikiza likafumbuka sikuluwu siigwiranso. Mukaimika makabati, ikani levulo, chida choonera ngati chinthu chapendekeka, m'litali ndi m'lifupi, sinthani miyendo kapena ikani tizidutswa pansi pa felemu, kenako panani makabati oyandikana ndi kalampu musanawalumikize. Pansi pa nyumba sipakhala pofanana paliponse, ngakhale pakuoneka bwino ndi maso.

Mdani wamkulu wa thabwa la utuchi ndi madzi. Likamwa limafufuma ngati siponji, ndipo silibwereranso. Paliponse pamene mwadula kapena kuboola, makamaka mozungulira sinki, pakani silikoni kapena vanishi musanatseke. M'munsi mwa matabwa ophimbira musagunde pansi penipeni pamene pamadutsa chokolopera.

Za thabwa lapamwamba sindichulukitsa. La utuchi lokutidwa ndi pulasitiki ndi lopepuka ndipo mukhoza kulidula nokha, koma poto wochokera pamoto amalipsereza. La mtengo weniweni limafuna kupakidwa mafuta nthawi ndi nthawi, ndipo pomanga lisiyireni mpata chifukwa limafutukuka ndi kunyala malinga ndi chinyezi. Mwala wa granite wokhuthala masentimita 3 umalemera pafupifupi makilogalamu 80 pa sikweya mita iliyonse, ndiye felemu yanu ikhale yolimbadi, ndipo odula mwalawo abwere kudzayeza makabati ataima kale.

Ngati anthu azikhala patebulopo, aliyense mumupatse masentimita 60 m'lifupi, ndipo thabwa lituluke masentimita 30 mpaka 38 kuti mawondo alowe. Mbali yotuluka chonchi imafuna zochirikiza zachitsulo kapena miyendo kumapeto, chifukwa anthu amatsamirapo ndi zigongono, ana amakwerapo. Mipando yoyenera tebulo la masentimita 90 ndi ya masentimita 63 mpaka 65. Ambiri amagula ya 75, yomwe ndi ya matebulo aatali a masentimita 105 kapena kuposa, n'kupeza ntchafu zikupanika. Kumbuyo kwa mipando kukhale mpata woti munthu adutse wina atakhala, ndipo mipando isakhale mbali ya sitovu.

Ena amafunsa ngati angagwiritse ntchito kabati ya zovala ya madilowa kapena shelefu ya mabuku m'malo mwa makabati a m'khitchini. N'zotheka pa tebulo laling'ono losungiramo zinthu zopepuka, koma dziwani kuti mipando ya kuchipinda sinapangidwire nthunzi ndi mafuta, njanji za madilowa ake sizinyamula mapoto olemera, ndipo kutalika kwake nthawi zambiri sikufika pa muyezo wophikira. Mukasankha njira imeneyi, ikwezeni pa felemu mpaka ifike msinkhu woyenera, ikani thabwa lapamwamba losalowa madzi, phimbani msana wake ndi pulayiwudi yokhuthala, ndipo imangirireni pansi monga mmene mukanachitira ndi kabati ina iliyonse. Sinki kapena sitovu musaikepo.